Tsiku lomwe tinalowetsa nyumba yathu mu mpikisano

Usiku woti kukacha ndi mpikisano, ine ndi bambo a ana anga tinakangana nkhani ya madzi. Sindikunena madzi a m'nyanja ayi, amenewo ndi mbwee palibe angalimbirane, ndikunena madzi akumwa omwe anali m'mathanki a boti lathu, malita 600. Iwo amati titayeko theka boti lipepuke, ine ndinati olo dontho limodzi silituluka muno. Masamu awo anali oti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, nde kutaya malita 300 kuli ngati kutsitsa anthu akuluakulu anayi, boti lithamanga. Masamu anga anali ena, kamakina kathu kosefa madzi amchere kamatulutsa malita 30 pa ola, apo nkuti dzuwa lawala bwino masola adzaza mabatile, ndiye malita 300 ndi maola 10 akumva kaphokoso kake kaja kolowa mpaka m'mano, chonsecho wochapa, wophika, wotsuka ana mchere thupi lonse madzulo ndine. Ndinangoti bambo, ngati mukufuna boti lopepuka tsikani inuyo, mesa muli ndi makilogalamu 90. Ana anaseka mpaka kugubuduka. Madzi sanatayidwe.

Tinali ku Admiralty Bay pa chilumba cha Bequia, eni ake amatchula kuti Bekwe, kachilumba kakang'ono ka ku Caribbean, ka dziko la St Vincent and the Grenadines, kongokwana masikweya kilomita 18. Nthawi ya Isitala kumakhala mpikisano wa maboti a matanga, ndipo kumabwera a mitundu yonse, ena opangidwira liwiro basi mkati mulibe olo mphika, ena ndi timaboti ta eni chilumba tosongoka kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kenako gulu la ife, anthu okhala m'boti momwemo ndi mabulangete athu, makapu athu ndi ana athu. Ganizo lolowa nawo silinachokere kwa ine. Linachokera kwa chisamba wathu, mtsikana wa zaka 13, amene anali atatha masabata atatu akuzungulira m'dokomo pa kaboti ka ana kotchedwa Optimist, kotalika mamita 2.3 okha, kooneka ngati bafa koma kamaphunzitsa mwana mphepo kuposa buku lililonse. Anangobwera madzulo ena tsitsi lili nyankhalala nkuti adadi, kodi boti lathuli lingapambane? Bambo ake maso anawala ngati kamnyamata. Ine pomwepo ndinadziwa kuti zatha, ndagonja kale.

Boti lathu si lothamanga, tinene zoona. Ndi la mamita pafupifupi 13, lakale, la m'ma 1980, lolemera ngati linapangidwa kuti likagunda thanthwe lisweke ndi thanthwelo. Mphepo ikakhala yabwino timayenda ma knot 6 kapena 7, knot imodzi ndiye kuti mailo imodzi ya panyanja pa ola, ndipo mailo ya panyanja ndi mamita 1852, nde werengerani nokha, munthu wapanjinga wosatopa atha kutipitirira akutibayibitsa. Koma latiwolotsa Atlantic, ndipo sindilola munthu alinyoze ine ndilipo.

Popeza madzi ndinakaniza, anatembenukira katundu. Tinagwirizana ndi banja lina lomwe boti lawo linali pafupi ndi lathu, lija la mathupi awiri amati catamaran, lotakasuka ngati holo, kuti atisungire katundu masiku awiri. Amangwetu, munthu sudziwa kuti uli ndi zinthu zochuluka bwanji mpakana utayamba kuzitulutsa chimodzichimodzi kudzera pa kakhomo kopapatiza nkumazitsitsira mu dingi, kaboti kathu kakang'ono kopitira kumtunda, ikuvinavina. Mabuku a sukulu zikwama zinayi. Njinga ziwiri zopinda zomwe zinachita dzimbiri chaka chatha koma palibe amafuna kuvomera kuti zinafa. Zigubu za dizilo zisanu. Makina anga osokera matanga. Zitini za chakudya zomwe tinagula ku Las Palmas, ku zilumba za Canary, poopa njala pakati pa nyanja, zina mapepala anamatuka kalekale nde sitidziwa kuti mkati muli nyemba kapena mapichesi, timangotsegula mwa mwayi. Kenako miyala ndi zigoba za nkhono za mzime wathu, mnyamata wa zaka 8, chidebe chathunthu chomwe anabisa pansi pa bedi lake, kuchikweza pamafunika manja awiri. Ndinamufunsa kuti iwe, miyezi yonseyi tikuyenda ndi phiri m'boti muno? Anati amami imeneyi si miyala wamba, ina ndi ya ku Saint-Pierre.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhani ya Saint-Pierre ndi imene inasintha mwanayu. Ndi tauni ya pa chilumba cha Martinique, kumpoto, m'tsinde mwa phiri la Mont Pelée. Pa 8 May 1902 phirilo linaphulika m'mawa, mtambo wamoto unatsetsereka nkukuta tauni yonse m'mphindi zochepa, anthu pafupifupi 28,000 anafa, sitima zambiri zomwe zinali padoko zinapsa nkumira ndipo zilipobe pansi pa madzi mpaka lero, nchifukwa chake pali malo ena saloleza kuponya nangula. Pansi pake pamenepo pamatsetsereka mwadzidzidzi, ukangotalikira gombe pang'ono madzi azama kale, nde maboti onse amapanikizana pa kamzere kamodzi. Ife tinafika kumeneko ine ndili ndi nkhawa yoti mwanayu sakufuna kuwerenga, buku ukamupatsa amangoliyang'ana ngati mdani. Tinakwera kumtunda kukaona mabwinja a nyumba ya zisudzo, pambali pake pali kachipinda ka ndende ka makoma ochindikala momwe munali mkaidi Cyparis, mmodzi mwa anthu ochepa zedi amene anapulumuka, anapsa koma anakhala moyo chifukwa choti anali wotsekeredwa. Mwana analowa m'kachipindamo nkukhala chete nthawi yaitali. Usiku umenewo anatenga yekha buku la mapiri ophulika lomwe linali litangokhala miyezi, nkuwerenga ndi tochi mpaka ndinachita kumulanda. Titadutsa kufupi ndi chilumba cha Montserrat mwezi wotsatira, fungo la sulufule likutipeza tili panyanja, ndi iyeyo amatifotokozera ife akuluakulu kuti phiri la Soufrière Hills linadzuka mu 1995, likulu lawo Plymouth linakwiririka ndi phulusa, anthu anasamuka ndipo kum'mwera kwa chilumbacho mpaka pano sikulowedwa mwachisawawa. Nde miyala ija ndinalephera kuitaya. Inapita nayo ku catamaran, mwini wake akuiperekeza ngati wodwala.

Sukulu yathu imayenda choncho. M'mawa kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11 masamu ndi kulemba pa tebulo lomwe timadyerapo, ndipo sindinama, masiku ena pamakhala misozi, ya ana kapena yanga. Kukhala mayi ndi mphunzitsi nthawi imodzi m'kachipinda komwe ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri si masewera, mwana akakukwiyira alibe kothawira, iwenso ulibe. Anthu amaona zithunzi za madzi obiriwira nkumati tili pa holide yosatha. Holide yake iti? Chimbudzi cha m'boti chimapopedwa ndi dzanja ndipo chimasankha tsiku loti kwabwera alendo kuti chitsekeke. Firiji imadya magetsi kuposa china chilichonse, kukachita mitambo masiku atatu timayamba kuyang'ana mita ya mabatile ngati tikuyang'ana wodwala malungo. Chilumba chilichonse chatsopano pafupifupi ndi dziko latsopano, ukweze kambendera kachikasu kosonyeza kuti sunalembetse, mmodzi atsike ndi mapasipoti onse kukaonekera kwa a kasitomu ndi olowa ndi kutuluka, enanu mudikire m'boti. Ku zilumba za France monga Martinique ndi Guadeloupe umalemba wekha pa kompyuta, zosavuta, kungoti zilembo zake zinasanjidwa mwachifalansa, pomwe chala chazolowera A pali Q, nde bambo a ana anga omwe amalemba ndi zala ziwiri amatuluka thukuta lili kamukamu. Ndalamanso zimasintha, uku ma euro, ukawoloka kamtunda ka maola anayi ndi madola a Eastern Caribbean, chikwama changa chili ndi matumba awiri pa chifukwa chimenechi.

Koma chomwe ndikufuna mumvetse tisanafike pa mpikisanowo ndi cha mtsikana uja. Powoloka Atlantic sitinalowe nawo ARC, ulendo wa maboti ambirimbiri womwe unayamba mu 1986, umanyamuka ku Las Palmas kumapeto kwa November kupita ku Saint Lucia, mamailo a panyanja pafupifupi 2700. Ndalama yolembetsera inatikanika, tinawasiya apite ife nkunyamuka patokha patapita sabata ndi theka, kutsikira kaye ku Mindelo ku Cape Verde, kenako masiku 17 osaona mtunda mpaka Martinique. Usiku timalondera mosinthana maola atatuatatu, ine ndi bambo ake, ndipo mwanayu amakonda kudzuka pa nthawi yanga kukhala nane, atamangirira lamba wake ku chingwe monga mwa lamulo la m'boti muno, usiku palibe amatuluka panja osadzimangirira, olo akhale kapitawo. Tsiku la 11 kapena 12, mdima wa ndiweyani, mwezi kulibe, anangondigwira mkono nkuti amami tichepetse thanga. Ine kuyang'ana kumwamba nyenyezi zili bwinobwino. Anati mphepo yazizira kukhosi kuno, komanso kumbuyoko nyenyezi zazima. Kutembenuka, zoonadi, chigawo chathunthu cha thambo chili bii. Tinadzutsa bambo ake, kuchepetsa thanga, mphindi zisanu zisanathe chimvula ndi chimphepo cha ma knot 35 chinatipeza titakonzeka kale. Kuyambira tsiku limenelo mwanayu akati tichepetse, ine sindifunsa kawiri. Bambo ake nawo amadziwa zimenezi. Kungoti mpikisano umamuchititsa munthu kuiwala zomwe akudziwa.

M'mawa wa tsikulo tinasiya dingi itamangidwa pomwe timagona, nkutuluka. Ntchito tinagawana chonchi, bambo pa chiwongolero, ine pa mawinchi, tizitsulo topukusa tothandiza kukoka, kukoka zingwe za thanga lakutsogolo, mtsikana kutsogolo kwenikweni kuyang'ana mzere woyambira ndi maboti ena, mnyamata wotchi m'manja. Poyambira pamakhala mzere wosaoneka pakati pa boti la oyang'anira ndi chibaluni choyandama, ndipo amaliza hutala ndi kukweza mbendera kutatsala mphindi 5, kenako 4, kenako 1, kenako nkuyamba. Vuto ndi loti boti la matanga lilibe mabuleki. Sungaime pa mzere nkumadikira ngati othamanga pa bwalo, umayenera kumazungulirazungulira pakati pa maboti ena khumi ndi angapo onse akuzunguliranso, aliyense akufuna adutse mzerewo pa sekondi yeniyeniyo ali pa liwiro, ukadutsa msanga akubweza ukayambirenso. Tsono taganizani, imeneyi ndi nyumba yanga, muli mapasipoti, muli zithunzi za ukwati, muli chilichonse chomwe tili nacho pa dziko lapansi, nde ikudutsana ndi nyumba za anthu ena mpata wake woti utha kupatsirana kapu ya tiyi. Mtima unali m'khosi.

Mnyamata amawerenga mokweza bwinobwino mpaka pa mphindi ziwiri, kenako anaona kamba wam'madzi atatulutsa mutu pambali pa boti. Basi wotchi inaiwalika. Adadi kamba! Bambo ake akukuwa kuti nthawi, nthawi, iye akuloza kamba. Hutala inalira ife tikuyang'ana kolakwika, mmbuyo mwa boti muli ku mzere. Tinadutsa mzere mochedwa ndi mphindi yathunthu ndi theka, omaliza, koma chilungamo chake ine ndinapuma, chifukwa kutsogoloko kunali kukuwizana kokhakokha, wina akuti starboard, starboard, lomwe ndi liwu lomwe umakuwa mphepo ikamakuomba kuchokera kudzanja lamanja, chifukwa lamulo limati amene mphepo ikumuchokera kumanzere ndi amene apatuke. Ife tinalibe womukuwira. Nyanja yonse inali yathu.

Chigawo choyamba mphepo inali kumbuyo, kulowera ku West Cay, kansonga ka kumadzulo kwa chilumbachi, ndipo boti lolemera likakhala ndi mphepo kumbuyo silichita manyazi kwenikweni. Tinapitirira boti limodzi, kenako lachiwiri, la banja lina lachikulire omwe anatikweza manja mosangalala ngati sakudziwa kuti tili pa mpikisano. Bambo a ana anga anayamba kuimba. Ndinawaona akusintha nkhope, munthu wofatsa uja amene amatha ola lathunthu akusankha poponya nangula anasanduka wina, maso ali psuu, akungoti koka, koka pang'ono, masula, ayi wamasula kwambiri. Ndinati bambo, mundiuze chimodzi, manja ndili nawo awiri okha.

Titakhota pa nsonga paja zinthu zinasintha. Mphepo ya kuno imachokera kum'mawa pafupifupi chaka chonse, nde tsopano timayenera kulimbana nayo maso ndi maso, ndipo boti la matanga silingalunjike komwe mphepo ikuchokera, umapita mokhotakhota, uku kenako uku, ngati munthu wokwera phiri lotsetsereka. Kukhota kulikonse ndiye kuti ine ndimasule chingwe mbali iyi, ndithamangire mbali inayo, ndikoke, ndipukuse winchi mpaka mapewa kuyaka moto. Pa ulendo wamba timakhota mwina kawiri pa tsiku, ndipo timayamba tachenjezana, wina amalize kaye tiyi. Tsiku limeneli ndinasiya kuwerenga titafika ka 14. Mafunde nawo anakula, madzi akukankha kulowera kumadzulo, boti likugwa m'maenje phuu, phuu, madzi amchere kumaso.

Mtsikana anabwerera kumbuyo chokwawa nkuti adadi tichepetse thanga lalikulu. Bambo ake anati ayi, tikachepetsa atipitirira aja tawapitirira aja. Anati adadi boti lapendekeka kwambiri, chiwongolero chikukulemerani, tikuyenda cham'mbali ngati nkhanu, tikachepetsa tithamanga kuposa apa. Ndipo amanena zoona, boti likapendekeka mopitirira muyeso limayamba kulimbana ndi chiwongolero, mphamvu yonse imathera pamenepo, ungaone ngati mukuthamanga chifukwa cha phokoso ndi thovu koma nambala pa mita ikutsika. Bambo anati mwana iwe khala pansi, ndikudziwa chomwe ndikuchita. Mwana anakhala pansi, kukamwa atatseka, nkundiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana pamadzi kutsogolo, ndinaona pakuda pakubwera, mphepo yotsika m'mapiri ija imayamba yadetsa madzi isanakufike.

Inatimenya. Boti linagona cham'mbali mpaka mawindo a mbali imodzi kulowa m'madzi, chiwongolero chinasiya kumvera, boti linadzitembenukira lokha kuloza kumphepo matanga akukupiza ngati mfuti. Mkati ndinamva chiphokoso chomwe mayi aliyense wa m'boti amachidziwa, kabati yatseguka. Ndinali nditamanga makabati onse kupatula imodzi, ya pansi pa sinki, ndipo firiji nayo chitseko chinalumpha. Mazira 18, botolo la mafuta ophikira, ufa wa buledi, zonse pansi nkusakanizika ndi madzi omwe analowa pa kawindo komwe wina, sinditchula dzina koma ali ndi zaka 8, anasiya osakhoma. Mnyamatayo apa nkuti atagwira chitsulo ndi manja onse, laifu jaketi itamufika m'makutu, akufuula kuti tibwerezenso, tibwerezenso!

Palibe anayankhula. Bambo anangoti, ndi mawu ang'onoang'ono, tiyeni tichepetse. Walira mvula walira matope, ndinafuna kuwauza choncho koma ndinaugwira mtima, nthawi yake sinali imeneyo. Iwo anapita pa mlongoti, ndipo popeza ine manja anali atatheratu, chiwongolero anagwira ndi mtsikana. Thanga litachepa boti linadzuka, linaima bwino, nkuyamba kudula mafunde mwaulemu, mita inakwera kuchoka pa 5 kufika 6 ndi kanthu. Bambo ake pobwerera anaima kumbuyo kwake, anatambasula dzanja kuti alandire chiwongolero, kenako anabweza dzanjalo nkukhala pansi pa winchi yanga. Sananene kanthu, iyenso sananene kanthu. Ndinaona mwana wanga akuyendetsa matani oposa 12 ndi nsonga za zala, maso ali pa timaulusi tomwe timamatidwa pa thanga kusonyeza mmene mphepo ikudutsira, akulankhula yekha pansipansi ngati akunyengerera mwana. Mwanayu wakulira muno, phokoso lililonse la botili amalidziwa ali m'tulo, ife akuluakulu tinaphunzira kuyendetsa boti titakula, ndi mabuku ndi makosi, iye sanaphunzire, anangokulira momwemo ngati chiyankhulo.

Cha pamenepo ndi pomwe timaboti ta eni chilumba tinatidutsa, pa mpikisano wawo wosiyana ndi wathu. Eee, koma abale. Timaboti totseguka pamwamba, topanda chitsulo cholemera pansi ngati lathu, thanga lalikulu kuposa msinkhu wake, anyamata atalendewera kunja kwa boti matupi onse kuti lisagubuduke, wina ntchito yake kungokapa madzi osaleka. Kapangidwe kake kanachokera ku maboti osakira anangumi, ndipo Bequia ndi amodzi mwa malo ochepa pa dziko lapansi omwe bungwe loona za anangumi limawalolabe kusaka mwa chikhalidwe chawo, osapitirira anayi pa chaka, zaka zina sapha olo mmodzi. Anatidutsa ngati taima, mmodzi anatikuwira zinazake akuseka, sindinamve koma ndikukhulupirira sanali kutiyamikira.

Chibaluni chomaliza mwa zibaluni zosonyeza njira ya mpikisano tinachigunda. Apa wolakwa ndine, ndinachedwa kumasula chingwe, madzi nkutikankhira pomwepo, chinakhula m'mbali mwa boti kwiii kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Lamulo limati ukakhudza chizindikiro uzungulire kamodzi pamalo pomwepo ngati chilango, ukalakwira boti lina uzungulire kawiri. Bambo anayang'ana uku ndi uku nkuti palibe waona. Mnyamata anati ine ndaona. Tinazungulira.

Pa mipikisano yotere woyamba kufika si amene wapambana ayi, boti lililonse limapatsidwa nambala malinga ndi kutalika, kulemera ndi kukula kwa matanga ake, nde nthawi yomwe mwatenga amaichulukitsa ndi nambalayo kuti kamba ndi kalulu apikisane mwachilungamo. Bambo anali ndi chiyembekezo chachikulu pa masamu amenewa. Madzulo titapita kukaona pepala, tinali achiwiri kuchokera kumapeto, ndipo omwe tinawaposawo anali banja lachikulire lija, omwe tinamva kuti anaima panjira kuti adye nkhomaliro. Mtsikana anawerenga pepalalo kawiri nkuti tikanachepetsa thanga pa nsonga paja tikanaposa maboti ena atatu. Bambo ake anati ukunena zoona mayi, ndinalakwa ndine. Pa zaka zonse zomwe ndakhala nawo mawu amenewo ndawamva kokwana mwina kanayi.

Ine usiku umenewo ndinali chogwada ndi ndowa, kuchotsa phala la mazira ndi ufa lomwe linalowa m'mipata ya matabwa a pansi mpaka kunsi komwe kumakhala pampu, ndipo ndinagwiritsa ntchito madzi abwino ambirimbiri, omwe aja amafuna kutayidwa aja. Ndinaonetsetsa kuti bambo amva mfundo imeneyi, kangapo.

Patapita masiku atatu, katundu titabweza, tinatsikira ku Tobago Cays, ulendo wa theka la tsiku. Ndi tizilumba tisanu topanda anthu okhalapo, tinayi mwa ito totetezedwa ndi mpanda wa matanthwe a pansi pa madzi wooneka ngati chiboda cha hatchi, nde umagona pa madzi odekha chonsecho kutsogolo kwako kulibe mtunda wina uliwonse mpaka Africa, mphepo yokhayokha ikuwomba usiku wonse. Ndi malo otetezedwa, kuwedza nkoletsedwa, oyang'anira amabwera pa boti kudzatolera ndalama yolowera. Pafupi ndi kachilumba ka Baradal pali udzu wa pansi pa madzi pomwe akamba amadya, ndipo mnyamata uja anakhala m'madzi mpaka zala kuchita makwinya, akuyandama pamwamba pa kamba mmodzi osamukhudza, chifukwa analonjeza. Polowa m'malo ngati amenewa timadikira dzuwa likwere, likhale kumbuyo kwathu, wina aime kutsogolo kuwerenga mtundu wa madzi, obiriwira mozama ndiye kuti ndi pakuya, owala ngati galasi ndi mchenga wosaya, ofiirira ndi thanthwe usayandikire. Kale woima kutsogolo amakhala mtsikana, bambo pa chiwongolero. Ulendo uno anasinthana okha popanda kukambirana, bambo anapita kutsogolo ndi chipewa chawo nkumaloza ndi dzanja, mwana akuwongolera pakati pa matanthwe. Ine ndinakhala pakati nditagwira kapu, osadziwa kuti ndiope kapena ndinyade.

Pano tikutsetsereka pang'onopang'ono kulowera kum'mwera chifukwa nyengo ya anamondwe imayamba pa 1 June mpaka 30 November, ndipo a inshuwalansi amafuna tikhale kumunsi kwenikweni nthawi imeneyo. Anthu ambiri a m'maboti amathawira ku Grenada poti anamondwe ambiri amadutsa kumpoto, koma osadalira kwambiri, Ivan anasakaza Grenada mu 2004, ndipo pa 1 July 2024 Beryl anagwera pa zilumba za Carriacou ndi Union Island nkusasula madenga pafupifupi onse, maboti omwe anabisala m'mitengo ya m'madzi anaunjikana ngati zinyalala. Nde m'mawa uliwonse tisanayambe sukulu timayamba taona za nyengo, ndipo dizilo amakhala wodzaza kuti zikavuta tithawire ku Trinidad usiku umodzi. Panjira tidutsanso pafupi ndi Kick 'em Jenny, phiri lophulika la pansi pa nyanja kumpoto kwa Grenada lomwe maboti amauzidwa kulilambalala, ndipo mwini miyala uja wayamba kale kupempha kuti tidutse pafupi pang'ono. Ayi.

Dzulo ndinapeza mtsikana ali ndi kope, akulemba mndandanda. Ndinayesa ndi homuweki, kusuzumira ndinaona walemba kuti njinga, zitini, makina osokera, miyala, pambali pake makilogalamu. Ku Carriacou kumakhala mpikisano wawo kumayambiriro kwa August, unayamba mu 1965, wa maboti amatabwa omwe amakhomedwa pamanja m'mudzi wa Windward, ndipo akuti amamva kuti ma yacht ngati lathu amakhalanso ndi gawo lawo. Pansi penipeni pa mndandandawo analemba kuti madzi, malita 300, nkuika chizindikiro cha funso. Ndinatenga pensulo yake nkukhwatcha mzere umenewo, kenako ndinamutuma akaone ngati zovala zauma pa chingwe.